Helikopita Imene Inadikira Njinga

Ndili nacho mpaka lero chitsulo chija. Chimakhala m'chitini cha mabatani, pansi pa singano ndi ulusi, ndipo ana anga amaganiza kuti n'cha makina osokera. N'chozungulira ngati chibangili cha mwana, cholemera kuposa mmene chimaonekera, ndipo m'kati mwake muli timipira tachitsulo timene timayenda ukachizunguza ndi chala. M'mbali mwake muli penti yofiira imene yayamba kusupuka. Ukachiika kukhutu uku ukuchizunguza, pamalo amodzi chimalira kuti khwe, ngati mpunga umene mwatsalira mchenga. Kulira kumeneko n'kumene kunagoneka pansi helikopita ya asilikali masiku asanu ndi limodzi pabwalo la sukulu yathu ku Chiuta, amayi anga ali pakati pa madzi.

Linali dzinja loyamba chibwerereni kuchokera ku Malawi, ine ndili mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Kumsasa wa othawa nkhondo amayi ankandisimbira za kwathu ngati kuti kuli nyumba zamalata zokhazokha, koma lole itatitsitsa tinapeza thengo, mitengo ya mango itangoima pakati pa udzu. Bambo tinawasiya m'manda a kumsasa, mlongo wanga asanabadwe. Tinabwera anayi: amayi, khandalo, ine, ndi amalume, amene ankagula nsomba zouma kunyanja n'kukagulitsa ku Insaca pa njinga. Lamulo la mudzi wonse linali limodzi, lakuti ponda pamene wina waponda kale, chifukwa m'tchire munali mabomba okwirira. Mbuzi ikabwera yamoyo kuchokera kumene sitinafikeko, tinkaiyang'ana mwaulemu n'kutsata mapazi ake.

Amayi sanali munthu wamantha. Njoka ankaipha okha, ndipo mwamuna wolanda malo pamzere wa chakudya ankamuuza zoona pamaso. Koma phokoso la ndege linkawasandutsa munthu wina. Tsiku limene anathawa kwathu, ine ndili kumsana, helikopita ndiyo inabwera m'mawa anthu akusinja, ndipo zimene inachita sanandiuzepo zonse. Chimene ndinkadziwa ndi malamulo awo, amene ndinawaloweza ndisanadziwe kuwerenga. Zimitsa moto. Vula chowala. Gona chafufumimba, usayang'ane kumwamba, nkhope imawala ngati mbale. Ngakhale ku Malawi, kumene kunalibe chogwa kuchokera kumwamba kupatula mvula, ndege ikangodutsa ndinkazindikira ndili pansi pa nkhokwe ya eni mudzi, dzanja la amayi lili pakhosi panga, moto atauthira madzi ndiwo zisanapse. Ana a kumeneko ankatiseka. Ndinkachita manyazi ndi amayi anga, ndipo lero chimandipweteka n'chakuti ndinkachita manyaziwo.

N'chifukwa chake ubwana wanga wonse ndinavala zamtundu wa dothi. Tsiku limene wailesi inalengeza kuti nkhondo yatha, anthu anavina mpaka fumbi linakwera, koma amayi anangopitiriza kupeta. Patatha sabata anabwera ndi kapulana, nsalu yachikasu, yowala mochititsa manyazi, n'kundisokera diresi pamanja. Nsalu inaperewera, choncho thumba lake anaika lobiriwira. Pondiveka anangoti, “Tsopano uoneke.” Diresi limenelo ndinkalivala tsiku ndi tsiku, likachapidwa ndinkakhala pafupi ndi chingwe kudikira kuti liume.

Vuto lathu chaka chimenecho linali mbewu. Ya chimanga tinalandira m'matumba, koma chinangwa sichibwera m'thumba, chimafuna mitengo yake, ndipo minda yonse ya kwathu inali itathera nguluwe m'zaka zankhondo. Kutsidya kwa dambo lalikulu, chakunyanja, kunali mabanja a asodzi achiyao amene sanathawe, ndipo iwo anali nacho chinangwa. Amayi ndi anzawo asanu anapangana zokapempha mitengoyo. Unali ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi limodzi kubwera, madzi akulekeza m'mawondo. Khanda anapita nalo kumsana, ine anandisiya ndi amalume. Mvula tinali titailira mwezi wathunthu, koma paja walira mvula walira matope. Inayamba tsiku limene ankabwerera, ndipo inagwa masiku atatu osapuma. Itakata, dambo kunalibe. Kunali madzi, mabango, ndi udzu woyandama umene unkasuntha ndi mphepo. Akutsidya anatumiza uthenga pa bwato lozungulira kunyanja kuti azimayiwo ananyamuka kalekale, mitolo yawo ili pamutu.

Asodzi anayesetsa, ndisawanamizire. Analowa ndi mabwato awo akukankha ndi nsungwi, akukuwa mpaka mawu kusasa, koma udzu woyandama unkawatsekera njira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mvuu zinali zitasamukira momwemo. Anati pakati pa dambolo pali zitunda zingapo za migwalangwa zimene madzi sazimiza. Ngati azimayiwo ali moyo, ali pamenepo, koma bwato silingafikepo mpaka madzi atatsika. Aphunzitsi athu, amene ankadziwa bwino Chipwitikizi, anavala malaya awo oyera n'kupita wapansi ku posto, kuofesi ya boma, kumene kunali wailesi yolankhulira ndi akutali.

Tsiku lachisanu chisowereni amayi, tili pansi pa mtengo wa mango umene unali kalasi yathu, tinaimva. Poyamba sikunali kumva kwa makutu, kunali m'chifuwa, ngati wina akusinja m'kati mwako. Kenaka inatulukira pamwamba pa mitengo, yobiriwira, yaikulu kuposa nyumba iliyonse imene ndinalowamo, ndipo inaima. Ichi n'chimene chinandisokoneza mutu ndipo chimandisokonezabe: chinthu cholemera chotero kungoima m'mwamba pamalo amodzi popanda wochigwira. Udzu wonse unagona. Madzi a m'zithaphwi anathawira m'mbali, masamba a mango anatimenya kumaso, bolodi lathu linagubuduka. Inatsika pang'onopang'ono ngati thadzi likukhalira mazira, ndipo mapiko ake aatali anapitiriza kuzungulira mpaka ndinatha kuwawerenga kuti ndi asanu.

Nditacheuka ndinapeza kuti pabwalo tatsala ana okhaokha, ife okulira ku Malawi, pakamwa pali yasa. Akuluakulu onse anali atathawa liwiro la mtondo wadooka. Ngakhale aphunzitsi, amene anaiitanitsa okha, anatuluka m'tchire patapita nthawi, chisoso chitadzaza buluku lawo, akunena kuti anakadzithandiza. Palibe anaseka, chifukwa aliyense anali ndi chisoso chake.

Inali yankhondo ndithu, ndipo anabwera nayo anali asilikali a dziko lakutali, mwa aja anabwera kudzayang'anira mtendere. Pachitseko panali mabowo anayi opanda mabawuti, ndipo amalume anandinong'oneza kuti pamenepo pankakhala mfuti. Pamwamba pake tsopano panali gudumu lokulunga chingwe chachitsulo, ndi lamba womangira munthu kumapeto kwake. Aphunzitsi anati ntchito ya ndegeyi ndi kufunafuna otayika ndi kuwatola. Ndinafunsa ngati ndi yomweyi inabwera kumudzi kwa amayi kale lija. Anati si yomweyi, koma mtundu wake ndi umodzi, ndipo anandiuza kuti ndisiye mafunso.

Inauluka masiku awiri, m'mawa ndi masana. Ikamabwerera ndinkathamangira kubwalo, diresi langa likuuluka, ndipo ulendo uliwonse woyendetsa ankatsika n'kupukusa mutu. Tsiku lachiwirilo mekaniko wawo, munthu wamfupi wadazi, wa zikhadabo zakuda ndi mafuta, anakwera kumchira kumene kunali timapiko tating'ono, anamasula kachotsekera n'kukapukuta pansalu yoyera. Amalume sangaone munthu atagwira sipanala osamuyandikira, ndiye anasuzumira, ine ndili kumbuyo kwawo. Pansalupo panali tinyenyeswa tonyezimira ngati mamba a matemba. Mekaniko anafotokoza kudzera mwa aphunzitsi kuti chitsulo china kumchirako chikudzidya chokha, ndipo akaulutsa ndegeyo ikhoza kuzungulira ngati nguli n'kugwa. Iye ankachitchula kuti pesa, ndipo pofika madzulo mawuwo anali pakamwa pa mudzi wonse. Pesa yafa. Tikudikira pesa.

Mekaniko atachitulutsa, amalume anachitembenuza m'manja n'kuseka. Anati ichi n'chimodzimodzi ndi cha m'gudumu la njinga yawo, kungoti chanenepa. Timipira ali nato m'chitini, girisi aliponso, awapatse ola limodzi ndegeyi idzuka. Mekaniko sanaseke. Anayang'ana njingayo, yomangidwa ndi mphira pena ndi pena, n'kuyankha mofatsa, aphunzitsi akumasulira.

“Njinga yanu ikafa mumatsika n'kuikankha. Iyi ikafa kulibe potsikira.”

Amalume anabweza chitsulocho m'manja mwa mekaniko.

Masiku otsatirawo ndimawakumbukira ndi mtima uwiri. Helikopita inakhala pabwalo, mapiko ake atamangidwa ndi zingwe pansi, kukamwa kwa injini atatsekako ndi nsalu zofiira. Mbuzi zinkausa mvula pansi pake. Inkanunkha palafini ndi mphira wotentha, fungo limene likandipeza lero pamsika ndimaima kaye. Sukulu inangotsala dzina, chifukwa palibe mwana akanayang'ana bolodi chinthu chotere chili kumbuyo kwake, ndipo anzanga ankaumba zawo zadothi n'kuzibaya mapiko a mapesi. M'mawa uliwonse mekaniko ankaizungulira akuisisita ndi dzanja ngati mwini ng'ombe, akupukuta magalasi ngakhale sinkapita kulikonse. Tsiku lina anandilola kusuzumira m'kati. Ndinaona mawotchi ochuluka kuposa anthu a m'kalasi mwathu, iliyonse ikunena zake, ndipo ndinadabwa kuti munthu wa maso awiri ngati ine amaiwerenga yonse. Ndinaika chikhatho pamimba pake. Inali yozizira, yosalala, yokhomedwa timisomali tambirimbiri m'mizere yowongoka.

Ndinkaikonda, ndisabise. Ndipo ndinkadana nayo, chifukwa inkangokhala pamenepo yathunthu, yopanda bala looneka, amayi akugona pamadzi. Ndinkadziwa kuti anatenga ufa wa masiku awiri okha. Azimayi a m'mudzi anayamba kubwera kwathu n'kukhala pakhonde osalankhula, kakhalidwe kaja ka pamaliro kulira kusanayambe. Amalume ankawathokoza mwaulemu n'kuwauza kuti pakhomo pano sipanagwe kanthu. Akachoka, ankatenga nsanza n'kupukuta njinga imene anali ataipukuta kale.

Kenaka uthenga unabwera pawailesi ya asilikali kuti pesa yafika pa komboyo, sitima ya pamtunda, ku siteshoni ya Entre-Lagos, kuchokera kugombe la nyanja yamchere. Koma msewu unali utaduka, timilatho titakokoloka, ndipo galimoto silikanadutsa. Helikopita inzake inali kutali ndi ntchito yake. Asilikali anayala mapu pansi n'kumaloza uku ndi uku. Amalume anaima pambali, manja kumbuyo, mpaka anatopa nazo.

“Auzeni, purufesolo,” anatero kwa aphunzitsi, “kuti ine nsomba zanga zimafika.”

Ananyamuka m'mawa mwake, kalata yadinda ili m'chipewa, dengu la nsomba lili kumbuyo. Msilikali mmodzi anabwereka njinga kuti awaperekeze. Ndimaganiza nthawi zina za anthu amene anapanga chitsulo chija kudziko lawo, m'nyumba zoyera zamagetsi. Sindikhulupirira kuti mmodzi mwa iwo analotapo kuti chidzamaliza ulendo wake m'dengu la mlamba.

Amalume ali kumeneko, mkulu wa asilikaliwo anaitana aphunzitsi pansi pa mtengo wa mango. Anali munthu wa imvi, wolankhula motsitsa. Anati pesa ikafika adzauluka m'mawa umodzi wokha, kenaka apita, chifukwa akuitanidwa kwina kumene anthu ali m'mitengo ndipo akuoneka. Anati pantchito yake waona kuti munthu wamoyo amafukiza utsi, amayala nsalu, amakupiza manja. Iwo anadutsa pamwamba pa chitunda chilichonse kangapo ndipo sanaone utsi, nsalu, kapena dzanja. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinakakamira aphunzitsi kuti andiuze zimene zanenedwa. Anayesa kuzifewetsa, koma ndinamva pamene pakupita nkhaniyo.

“Amayi sangakupize nsalu,” ndinatero. “Akamva ndege amazimitsa moto n'kugona pansi. Inunso munathawa, aphunzitsi.”

Chinali chipongwe, ndipo ndinadikira ndodo. Ndodoyo sinabwere. Aphunzitsi anatembenuka n'kumasulira zonse, ndi mawu omalizawo omwe, ndikudziwa chifukwa anadziloza pachifuwa. Mkulu uja anavula chipewa. Woyendetsa ndege, amene ankamvetsera chapatali, anakhala pa gudumu la ndegeyo n'kugwira mutu ndi manja onse awiri. Anali atauluka masiku awiri pamwamba pa anthu amene ankawabisalira ndi luso lonse limene nkhondo inawaphunzitsa.

Mudzi wonse unkadziwa zimenezi. Aliyense wamkulu anali atagona chafufumimba m'tchire sabata yomweyo. Koma palibe ananena, ena chifukwa cha manyazi, ena chifukwa chinthu chimene wachichita zaka zambiri suchionanso ngati chinthu. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma tsiku limenelo akulu anagonera nawo mawuwo mpaka anatsala pang'ono kupha anthu.

Funso linatsala lakuti anthu obisala ungawatulutse bwanji. Kukuwa sikukanathandiza, ndegeyo inkameza mawu onse. Pankafunika chizindikiro chimene amayi akanachidziwa ndi maso, chosafuna kuwerenga. Ndine ndinatchula za diresi, si wina ayi. Ndinati m'dziko lonse mulibe lina lachikasu la thumba lobiriwira, ndipo amayi analisoka okha. Aphunzitsi anamasulira, asilikali anagwedeza mitu, azimayi a pakhonde aja anati mwanayu ali ndi nzeru za bambo ake. Onse anavomera, ndipo palibe anafunsa funso lina.

Amalume anafika masana a tsiku lachisanu ndi chimodzi chifereni pesa, matope mpaka m'khosi, mapazi atatupa, opanda malaya. Malayawo anali atakulungira bokosi, pamwamba pake lona ya kumsasa, zonse m'dengu. Anati mitsinje itatu anawoloka uliwonse kawiri, koyamba bokosi lili pamutu, kachiwiri njinga. Msilikali uja anatulukira patatha ola lathunthu akukankha yake, ndipo amalume anamuuza kuti akafuna ntchito ya nsomba asabwere kwa iwo. Mekaniko ananunkhiza bokosilo, fungo la mlamba wowamba litalowerera, ndipo anaseka koyamba chibwerereni.

Anasamba m'manja kawiri ndi sopo asanalitsegule. M'kati munali bokosi lina, m'menemo pepala lamafuta, ndipo pambali mapepala a zidindo ochuluka kuposa amene ife anayi tinawolokera nawo malire. Anawerenga manambala a pachitsulo, n'kuwerenga a papepala, n'kubwerezanso. Kenaka anachikweza kuti tonse tione. Chinakwana m'chikhatho chake. Anthu anang'ung'udza, ndipo mayi wina anafunsa mokweza ngati chilombo chonsechi chinkadwala kanthu kameneka basi. Ine ndinachita mantha a mtundu wina, amene sindinkadziwa dzina lake: kuti moyo wa amayi, wa mlongo wanga ndi wa azimayi asanu unali kudikira kachitsulo kokwana m'thumba la diresi langa.

Anachimanga masana onse, amalume akumugwirira nsalu ya zipangizo. Bawuti iliyonse ankaimanga ndi sipanala imene inkalira kuti tha ikafika pamlingo wake, kenaka n'kuizenga ndi kawaya kuti isamasuke. Amalume, amene ankamanga chilichonse mpaka mitsempha kutuluka m'khosi, ankangoyang'ana ngati ali m'tchalitchi. Dzuwa lisanalowe anailiza. Mapiko anayamba kuzungulira mwaulesi, kenaka anasowa m'maso, ndegeyo inadzuka pang'ono kuchoka pansi, inatembenuza mchira uku ndi uku, n'kukhalanso. Chitsulo chakale chija mekaniko anachipaka penti yofiira kuti wina asadzachibwezeremo mwangozi, n'kuchipereka kwa amalume ndi manja awiri. Iwo anadzandipatsa tsiku la ukwati wanga.

M'mawa mwake ndinavula diresi n'kuvala malaya a amalume, amene anandifika m'mawondo. Aphunzitsi analowetsa bango m'manja mwa diresilo kuti litambasuke lizioneka bwino, n'kulimangirira pa lamba wa kuchingwe. Iwo anakwera nawo kuti akamasulire, nkhope ili mbuu, pamodzi ndi msodzi wina wachikulire wa kofia amene ankadziwa zitunda zonse. Ndegeyo itakwera, chingwe chinatsika, ndipo diresi langa linalendewera pansi pake, manja atatambasuka, likuzungulira ndi mphepo, laling'ono ndi lowala pamwamba pa mabango. Ndinalumpha ndi chimwemwe. Sindinanyadepo choncho, kale kapena pambuyo pake.

Inabwerera dzuwa lisanafike pamutu. Aphunzitsi anasimba nkhaniyo kambirimbiri m'masiku otsatira, ndipo ndimaidziwa ngati ndinaliko. Pachitunda choyamba panalibe kanthu. Pachiwiri panalibenso kanthu, koma msodzi uja analoza phulusa lonyowa pansi pa mgwalangwa. Anatsitsa chingwe mpaka diresi linatsala pang'ono kukhudza madzi, n'kuima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka mabango anatseguka ndipo mayi mmodzi anaimirira, yekha, manja onse ali m'mwamba. Anayenda mpaka poyera n'kugwada. Msilikali atatsika pa chingwe, mayiyo sanathawe, anangomupatsa manja ake ataphatikiza. Anali amayi anga. Anafika pachitseko atatsinzina, ndipo aphunzitsi anachita kuwakuwira m'khutu kuti ndi iwo, aphunzitsi a mwana wawo. Pamenepo m'pamene amayi analoza pamene panabisala enawo.

Anatsika onse asanu ndi mmodzi pabwalo lathu, owonda, miyendo itayera ndi kutupa ndi madzi, itadzaza mabala a misundu. Anali atakhalira nyika za m'madzi ndi zipatso za migwalangwa. Mitolo iwiri ya mitengo ya chinangwa inatsikanso, chifukwa anakana kuisiya. Mlongo wanga anali moyo, wofooka moti sankatha kulira, koma anatsika ali m'manja mwa mayi wina, osati kumsana kwa amayi, ndipo ndinadabwa nazo pang'ono n'kuiwala. Ndinathamanga kuti andikumbatire. Sanandikumbatire. Anandigwira mutu, anandipapasa mikono, anandizunguza, anakweza malaya a amalume n'kuyang'ana msana wanga, zala zawo zikundipweteka.

“Anakuchita chiyani?” anafunsa. “Anakuchita chiyani iwe?”

“Palibe, amayi. Ndinangowabwereka diresi.”

Anakhala pansi m'matope pomwepo ndipo anatulutsa mawu amene ndinali ndisanawamvepo, osati kulira, osati kuseka. Ine ndinkaganiza kuti ndi njala.

Helikopita inapita masana omwewo kumene inkaitanidwa, ndipo sitinaionenso. Asanakwere, mekaniko anapita pamene panatsamira njinga ya amalume n'kusisita chishalo chake monga ankasisitira ndege yake. Ulendo uno akuluakulu ambiri anatsala pabwalo kuionerera ikukwera, ngakhale ena anagwira mtengo wa mango. Chinangwa chija chinaphuka, ndipo mbewu yake ikadalipo m'minda ya kwathu. Diresi amayi analichapa, analipinda, n'kuliika pansi pa mphasa yawo. Sanandilolenso kulivala. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, ndinati ndi nkhanza kumana munthu diresi limene linawapulumutsa. Kusukulu ndinkadzitama chaka chonse kuti amayi anga anaitanidwa ndi diresi langa, analizindikira n'kutuluka akusangalala.

Amayi anandiuza zoona zake patapita zaka zambiri, akusambitsa mwana wanga woyamba, osandiyang'ana. Anati kumwamba sanayang'ane, lamulo lawo sanaliswe. Analiona m'madzi, pamaso pawo pomwe, chachikasu cha thumba lobiriwira, manja atatambasuka, chikulendewera pa chingwe pansi pa ndege yankhondo. Anamasula mlongo wanga kumsana n'kumupereka kwa mnzawo, namuuza kuti amulere ngati wake.

“Ndinati akugwira iwe, ndipo akundionetsa,” anatero. “Ndinatuluka kuti atenge ine, iwe akusiye.”

Anapitiriza kuthira madzi pamutu pa khandalo, dzanja lina atalitchinga kumaso.

Koma tsiku lija pabwalo la sukulu, iwo atakhala m'matope, mphepo ya mapiko ikadali kugwedeza masamba a mango, ine ndinkangowakoka kapulana, ndili m'malaya a amalume ondifika m'mawondo, ndikuwafunsa mobwerezabwereza ngati anaona mmene diresi langa linaulukira.